Kapu inasweka yokha eti?

Lachiwiri ndikuchokera kuntchito ndinapeza kapu yanga ya tiyi, yoyera ija ndakhala nayo zaka zambirimbiri, ili zidutswa mu bini. Kufunsa mwana wanga wachisamba yankho lake linali lalifupi, "amayi, yasweka." Osati ndaswa, osati mng'ono wanga waswa ayi, yasweka basi ngati kapuyo inadzuka yokha pa shelefu nkudziponya pansi. Ndimafuna ndikalipe koma ndinangoyamba kuseka, mwana wa folomu 1 koma galamala yodzitetezera akuidziwa kuposa loya.

Zinandikumbutsa phunziro la misintho ya aneni ku sekondale, lomwe ambirife timangoloweza kuti tikhoze mayeso basi. Aphunzitsi athu amati pali msintho wochitidwa poyera, uja wa -idwa ndi -edwa, phika phikidwa, menya menyedwa, ndiye pali wina wochitidwa m'chibisira, wa -ika ndi -eka, thyola thyoka, iswa sweka. Dzina loti m'chibisira limandiseketsa nthawi imeneyo, pano ndakula ndiye ndaona kuti amene analipeka anali munthu wanzeru. Tayesani nokha. Mukati kapu yaswedwa munthu akhoza kukufunsani kuti ndi ndani, ndipo mutha kumaliza kuti yaswedwa ndi mwana. Koma mukati yasweka khomo mwatseka, simunganene kuti yasweka ndi mwana, Chichewa chake chimakana, woswayo wathawira pa zenera.

Ine izi zinandigwira pakhosi ku banki mkhonde kwathu komwe ndine mlembi. December watha tsiku logawana titawerenga ndalama zonse pa mkeka, kuwerenganso kachiwiri, K60,000 inapelewera. Aliyense amadziwa kuti bokosi limagona kwa ndani, koma mayi ameneyo timapemphera tchalitchi chimodzi, ana athu amasewera limodzi, ndipo pa maliro a bambo anga anagona kwathu masiku atatu akuphika, ndiye ine mu kope ndinalemba bwinobwino kuti "ndalama zokwana K60,000 zinasowa." Nditawerenga mokweza, agogo ena omwe samayankhula kawirikawiri anangoti, "a mlembi, zinasowa zili mmanja mwa ndani?" Zii gulu lonse. Ndinafufuta nkulemba kuti zinatengedwa, agogo aja osakhutirabe, akuti zotengedwa zimakhala ndi wotenga. Mapeto ake ndinalemba kuti msungichuma sanabweretse K60,000 ndipo walonjeza kubweza mwezi wa February usanathe, iye nkusainira mmunsi mwake. Dzanja limanjenjemera ndikulemba, sindinama. Koma chiganizo choyamba chija chikanakhala mu kope, February ikanakwana tikanamugwira ndani? Ndalama yosowa sibwezedwa, imangodandaulidwa.

Kuchokera tsiku limenelo khutu langa linasintha, ndikamamvera nkhani pa wailesi ndimangosaka mwininkhani. November 2023 tonse timati kwacha yagwa, mu minibasi, pa msika, pa WhatsApp, yagwa yagwa ngati ndi mwana wophunzira kuyenda wapunthwa pa mwala. Chikhalirecho inachita kugwetsedwa ndi 44 peresenti ndipo analengeza ndi a Reserve Bank of Malawi, monganso anachitira mu May 2022 pomwe inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Kaya zifukwa zake zinali zomveka kaya ayi imeneyo ndi nkhani ina, ine ndikungoti panali anthu anakhala pansi nkugwirizana, ndipo mawu oti yagwa amawachotsa onsewo pa chithunzi. Chimodzimodzi Cashgate ya 2013, mpaka lero ena amati ndalama zinasowa ku Capital Hill, pomwe makhoti anapeza anthu olakwa ndipo ena anakaseweza jere. Ndiye pali Chichewa cha mma ofesi chija, "nkhaniyi ikuunikidwa," "njira zoyenera zidzatsatidwa," "anthu akupemphedwa kudekha," ukamaliza kuwerenga sudziwa woti ukamugogodere chitseko.

Komatu musandimve ngati ndikuti -dwa ndi woipa, ayi ndithu. Pali nthawi yomwe wochitayo alibe ntchito. Mwana wabadwa, basi, tikudziwa kale anabereka ndani. Munthu akagundidwa ndi galimoto pa msewu timayamba ndi iyeyo chifukwa mtima wathu uli pa iye, galimoto ibwere pambuyo. Mkazi akamenyedwa pakhomo nkhani ikhoza kuyamba ndi iye, bola womenyayo asasowe mu chiganizo chotsatira, poti ndi pomwe ambiri timachitira chinyengo, timati "anamenyedwa" nkusiyira pomwepo ngati zibakera zinagwa ndi mvula. Ndipo pena galamala imakuuza mmene makolo ankaonera zinthu, mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa, mkazi kunena kuti ndakwatira anthu amakukonza pompo. Imeneyo ndiisiye kaye, ingatitengere tsiku lonse.

China chomwe ndazindikira nchoti tikamacheza sitikonda -dwa kwambiri, tili ndi njira yathu ina. Timati andibera foni, amumanga dzulo, atseka madzi. A- ameneyo ndi anthu osatchulidwa maina, koma ukumva ndithu kuti pali manja a munthu. Ziganizo zodzadza ndi "chinachitidwa ndi" zimachuluka mu zolemba zomwe munthu waganiza mchizungu kenako nkumazitembenuza, zimamveka zolemera ngati nsima ya dzulo. Palibe amene amafika pakhomo nkunena kuti nsima yadyedwa ndi ine. Komanso samalani, -dwa akaikidwa molakwika amasintha nkhani yonse, mnzanga wina analemba pa gulu kuti "ndabedwa mu Limbe" anthu nkumufunsa kuti nanga akubawo akulola bwanji kugwira foni kkkk, amafuna kunena kuti waberedwa.

Pano ndikalemba kalikonse, kaya lipoti la kuntchito kaya uthenga wopepesa, ndimabwerera nkuyang'ana aneni onse othera -dwa ndi -ka, nkudzifunsa kuti apapa wochitayo sindikumudziwa, kapena alibe ntchito, kapena ndikungomuopa. Nthawi zambiri yankho limakhala lachitatulo, ndipo kangapo konse wobisidwayo ndimapeza kuti ndi ine ndemwe. Sabata yatha ndinatsala pang'ono kutumizira abwana kuti "fayilo ija inaiwalika," ndinakhala kaye ndi foni mmanja, kenako ndinalemba kuti ndinaiwala. Anangoyankha kuti chabwino bweretsani mawa.

Za kapu zija, madzulo ake tikudya wamng'ono uja anaulula yekha osafunsidwa, akuti achimwene amaonetsa mmene amagwirira mpira goloboyi ndiye chigongono chinagunda shelefu. Mkuluyo anangoti ndwii mu mbale, kenako chapansipansi, "komabe amayi inali kale ndi mng'alu."