Nkhwazi ya ku Thumbi inandipita pamphuno

Ku Mfuwe ndapitako kangapo kukaona mbalame, choncho tikunyamuka ku Chipata ine ndi mayi a kunyumba, kudzera pa malire a Mwami mpaka ku Cape Maclear, ndinkadziona ngati katswiri. M'khosi ndinakoleka mabainokyula atsopano a 12x50. Akale a 8x42 ndinawasiya kunyumba, ati ngachibwana.

Manambalawa ali ndi tanthauzo. Yoyambayo ndi kukuza: 12 amakokera chinthu pafupi ka 12. Koma amakuzanso kunjenjemera kwa manja ka 12 komweko, ndipo malo amene ukuwaona amachepa. Pamtunda umatsamira mtengo, zimatheka. M'boti ayi. Pamadzi pamafunika a 7 kapena 8. Izi ndinkazidziwa, kungoti kunyada kunanditseka m'maso.

M'mawa mnyamata wa boti anatitengera ku chilumba cha Thumbi. Anatulutsa nsomba, n'kuilowetsa kabango kukamwa kuti iyandame. Popanda bango nsomba imamira nkhwazi isanafike. Kenaka analiza mluzu. Pamtengo panali nkhwazi ziwiri, ndipo ndinafotokozera onse mokweza kuti yaikuluyo ndi yaikazi.

"Abambo, ikatsika muone ndi maso okha, imabwera pafupi," anatero mnyamatayo.

Ine kumva? Ndinaloza mabainokyula kumtengo, nsomba n'kuponyedwa. Nkhwazi itanyamuka inatuluka m'magalasi nthawi yomweyo. Ndinasaka kumwamba, mitambo. Ndinasaka pansi, khutu la mnyamata wa boti lalikulu ngati beseni. Ndikupotokola kagudumu ka pakati ndinangomva kuti phwa! Anthu m'manja wawawa.

Nsomba yachiwiri ndinati ndiimirire. Boti laling'ono munthu akaimirira chakumbali limapendekera komweko, ndipo maso ali m'magalasi thupi silidziwa kuti pansi ndi kuti. Ndinalowa m'nyanja chamutu, nsapato zili kuphazi. Lamba wa m'khosi anagwira ntchito yake, mabainokyula sanatayike, anamira nane limodzi.

Atandivuula, kunja kwa magalasi ndinapukuta, koma nkhungu inali mkati. Otchipa alibe mphira wotseka madzi, ndipo chinyezi chikalowa sichituluka msanga. Dzuwa likawatenthetsa nthunzi imabwereranso, kenaka mumamera nguwi ngati ukonde wa kangaude. Ndinawaika mumpunga masiku atatu. Mpungawo tinadya, magalasi ali chomwecho.

Mayi a kunyumba anajambula zonse pafoni, nkhwazi ikutambasula zikhadabo, nsomba ikunyamuka, miyendo yanga ili m'mwamba. Vidiyoyo inafika ku Chipata ife tisanawoloke malire.

Pa Mwami ndikusintha ndalama, mayi a kunyumba anandipatsira 20 kwacha ya kwathu m'manja, chala chili pachithunzi cha nkhwazi.

"Abambo, onani iyi bwinobwino. Siuluka."