Nyota za dziko lomwe kulibe

Ntchito ya teremu ino m'kalasi yojambula inali yopeka dziko limodzi lalikulu lophatikiza China, Japan ndi Korea, kenako kulijambulira nyota za asilikali ake. Ndinkayesa ya madzulo amodzi, koma yandidyera masabata atatu.

Chinandigwira si pensulo ayi, koma funso loti paphewa pa msilikali pakhale chiyani. Asilikali a Japan, omwe gulu lawo la lero linakhazikitsidwa mu 1954, nyota zawo zimatengera duwa la sakura. Ku South Korea kaputeni amavala madayamondi atatu, meja amavala masamba a nsungwi, ndipo pansi pake pamakhala mugunghwa, duwa la dziko lawo. China imagwiritsa nyenyezi ndi mizere. Ndiye ndisankhe chiti? Nditajambula sakura ndinakumbukira kuti Japan inalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945. Msilikali wa ku Seoul angavale duwa limenelo mtima uli m'malo? Ndinang'amba pepalalo.

Mayina a maudindo okha ndiwo anandikomera mtima. Jenerali ndi jiang ku China, shō ku Japan, jang ku Korea, zonse zochokera ku chilembo chimodzi cha Chitchaina. Pagawo la maudindo apakati, kuyambira meja mpaka kanelo, ndi pomwe amasiyana: xiao ku China, sa ku Japan ndi ryeong ku Korea. China ilinso ndi udindo wachinayi pagawo limeneli, daxiao, wa nyenyezi zinayi, pamene Japan ndi South Korea zimalekera pa atatu. Chinanso chomwe chinandidabwitsa n'chakuti China inathetseratu nyota mu 1965, n'kudzazibwezera mu 1988. Zaka 23 asilikali onse aja opanda chizindikiro cha udindo paphewa!

Potsiriza ndinasankha njere za mpunga, poti mpunga amadya onse ndipo palibe angati ndi wake yekha. Pakompyuta zinkakongola mpaka ndinadzitama. Aphunzitsi anasindikiza chojambulacho pa saizi yeniyeni ya paphewa, n'kuchimata kukhoma la kumbuyo.

"Achimwene, imani pakhomopo. Mukuona chiyani?"

Mnzanga wina anandiyankhira kuti zikuoneka ngati zitosi za makoswe. Kalasi yonse inafa nalo phwete, ndipo sanali kunama. Njerezo zinali zing'onozing'ono, moti kaputeni ndi meja sankasiyanitsika patali mamita asanu.

Pano ndazikulitsa n'kuziika pansalu yakuda, ndipo mzere umodzi kapena iwiri ndiyo ikusonyeza gawo. Daxiao uja akundivutabe, chifukwa njere zinayi zazikulu paphewa sizikukwana.