Pansi pa pisitoni palinso mpweya

Sabata ino mtima wanga wakhala pansi. Nkhani ya utsi pa injini zing'onozing'ono yakhala ikundizunguza mutu chiyambireni kuphunzira injini za four-stroke m'kalasi mwathu, koma tsopano ndaigwira. Za intake, compression ndi zinzake sindibwereza, anzanga a m'kalasi nonse muli nazo m'makope. Chimene chanditsegula maso ndi chakuti pansi pa pisitoni palinso mpweya, ndipo mpweyawo umafuna malo ake.

Tonsefe maso amakhala pamwamba pa pisitoni pamene moto umayakira. Koma pisitoni ikamatsika imakankha mpweya wa mu crankcase, chipinda cha kumunsi kwa injini mmene mumakhala oilo, ikamakwera imaumasula. Pa injini ya silinda imodzi palibe pisitoni inzake yoti izikwera iyi ikamatsika, ndiye mpweyawo umapanikizika ulendo uliwonse crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazungulitsa, ikazungulira. Jenereta zathu za 50 Hz zimathamanga 3,000 rpm, kutanthauza ka 50 pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake pali breather, kapaipi kaja kochoka pa chivundikiro cha ma valve kupita ku air filter, koti mpweyawo uzitulukirako. Oilo akakhala pa muyezo, komweko kumadutsa mpweya ndi kankhungu kochepa chabe ka oilo. Akachuluka, malo a mpweya amachepa, oilo weniweni amayamba kutulukira njira yomweyo, n'kunyowetsa siponji ya mu air filter, n'kulowa mu kabureta, n'kukapsa pamodzi ndi petulo. Utsi wotuwa mobiriwira uja ndi umenewo.

Palinso mbali ina imene inandikhalitsa chete kwa kanthawi. Injini ngati Honda GX160, ndi zina zambiri zochokera ku China zopangidwa motengera iyo, zilibe pampu ya oilo. Kumunsi kwa con rod, mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft, kuli kachitsulo kotchedwa dipper kamene kamamenya oilo n'kumuwaza paliponse. Kanapangidwa kuti kazingogunda pamwamba pa oilo. Oilo akakwera, crankshaft yonse imayamba kusambira, n'kumamutakasa mpaka kuchita thovu ngati sopo wa ufa m'beseni lochapira. Thovu ndi mpweya wosakanikirana ndi oilo, silingateteze zitsulo ngati oilo weniweni. Choncho munthu amene wathira wambiri pofuna kuteteza injini yake, ndiye akuichepetsera chitetezocho, ndipo injini ikutenthanso chifukwa ikuvutika kuzungulira m'dziwe la oilo.

Izi zinalumikizana m'mutu mwanga pa galaja ina ku Luwinga kumene ndimapita Loweruka kukagwirako zitsulo. Bambo wina wometa tsitsi ku Chibavi anabweretsa jenereta yake. Inkavuta kuliza, ikalira utsi tolotolo, pulagi yonyowa komanso yakuda bii. Anyamata anali atagamula kale kuti ma ring a pisitoni atha, bambowo nkhope itagwa poganizira ndalama. Mkulu wa galajayo sanayankhule zambiri. Anatsegula air filter, n'kufinya siponji, oilo n'kumadontha m'zala mwake. Kenako anaika jenereta pa simenti polingana bwino, n'kumasula kachitsekero kothirira oilo, oilo n'kuyamba kuyenderera pansi yekha. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Aphwanga, oiloyu wafika bwanji ku air filter?" Funso limenelo ndi limene linandichititsa kulondola kapaipi ka breather ndi chala mpaka ndinaona njira yonse. Tinachepetsa oilo, tinachapa siponji, tinayeretsa pulagi. Utsi unapitirira pang'ono chifukwa oilo wina anali atatsalira mu sailensa, kenako unatha.

Bambowo sindikuwanena. GX160 imalowa oilo pafupifupi malita 0.6 basi, pomwe botolo logula m'sitolo nthawi zambiri limakhala la lita imodzi, ndipo munthu amamva chisoni kusiya otsalawo. Ena amapendeketsa jenereta kuti athire bwino, osadziwa kuti muyezo wake ndi pamene oilo wafika m'mlomo wa pothirira injini itakhala chilili. Ena anaopsezedwapo ndi Oil Alert, imene imazimitsa injini oilo akachepa, ndiye amati bola achuluke. Pa injini za Honda zimenezi dipstick, kandodo koyezera oilo, umangoilowetsa osaimanga, ukaimanga muyezo ukunamiza. Komanso nthawi zina palibe amene wathira chilichonse: singano ya float, imene imatseka petulo mu kabureta, ikamadontha, makamaka pampopi wa petulo pakasiyidwa potsegula jenereta ili kugwedezeka pa kabaza, petulo amatsikira mu crankcase n'kukweza muyezo. Oilo woteroyo amanunkha petulo ndipo amakhala wamadzimadzi. Ameneyo sachepetsa, amakhuthula yense.

Kuyambira tsiku limenelo, injini iliyonse ikabwera ndimayambira pa air filter. Sindigwira pulagi kapena kabureta ndisanafinye siponji. Ndikukhulupirira kuti njira imeneyi ikuposa zonse zimene tinalemba, chifukwa sifuna chida, sifuna ndalama, ndipo siponji imakuuza zonse: fumbi, oilo, ngakhale mmene mwini wake amasamalira katundu. Pampu zothirira za m'madimba, jenereta za m'mashopu a ku Katoto ndi Zolozolo, makina otchetchera kapinga, zonsezi ndingaziyambire pomwepo. Mnzanga wina m'kalasi akuti ndikukokomeza, iye amayambira pa moto wa pulagi monga tinaphunzitsidwira. Ine ndikuti moto uone pambuyo, siponji sinama.

Chimene chikundiwawa ndi nthawi imene tinataya. Breather aphunzitsi anaitchula kamodzi, monga dzina pa chithunzi chimene tinkakopera pa bolodi, n'kupitirira. Palibe anatiuza chifukwa chake ilipo. Tinaloweza mitundu ya lubrication, splash ndi pressure feed, mawu ake ndendende, koma tsiku la practical injini ndi imodzi, gulu lonse launjikana, amene ali kumbuyo akungoona misana ya anzawo. Ukafunsa funso amati silabasi ndi yaitali, tithamange. Ndikudziwa kuti nawonso zipangizo zimawachepera, ndipo magetsi akazima workshop yonse imaima. Komabe kufinya siponji pamaso pa kalasi sikufuna magetsi. Anzanga ena atuluka ndi mapepala, n'kukauza munthu kuti agule ma ring pamene vuto ndi oilo wokwana kapu imodzi, ndipo munthuyo akhala mlimi wa tomato kapena mayi wa saluni amene ndalamayo waisunga movutikira.

Pali pamodzi pamene ndikadali njakata. Ma ring akathadi, mpweya wa moto umadutsa m'mbali mwa pisitoni n'kulowa mu crankcase, n'kukankhiranso oilo ku breather yomweyo. Siponji inyowa chimodzimodzi. Oilo akakhala kuti wasefukira, yankho ndi lapafupi. Koma nanga zonse ziwiri zikachitikira pamodzi, mwini wake n'kumawonjeza oilo mopitiriza chifukwa injini ikudya oiloyo? Ndichepetsa oilo, utsi uchepa, koma ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisananene kuti tsopano si wa mu sailensa? Kuyeza compression kungathandize, koma injini zimenezi zili ndi decompressor pa camshaft, kachipangizo kofewetsa kuliza injini, imene imatsitsa nambala ya compression ukamakoka chingwe, ndiye geji ikhoza kundiopseza pachabe. Mkulu wa galaja amangomvera kulira kwake n'kudziwa. Ine khutu limenelo ndilibe, ndipo sindikudziwa ngati siponji yanga indifikitse pamenepo. Loweruka ndikamufunsa, mwina andipatsa injini yakutha kuti ndifanizire.