Tsiku limene anandimangira mkati mwa Ponte

Alamu anga ali ndi kasukulu ka mkaka ku Rosettenville, m'galaja ya nyumba imene amachita lendi. Kuno ku Joni amati kireshi. Ana ambiri ndi a Amalawi anzathu, a zaka 3 mpaka 5, ndipo sabata iliyonse amakhala ndi mutu wake: ino ziweto, yamawa zamumsika. Itakwana sabata ya zomangamanga, foni inalira. "Alamu, paja ndinu bilidala. Lachinayi mubwere mudzawaonetse anawa ntchito yanu." Mlamu sakanidwa. Akapitawo a kusayiti ndinawatumizira uthenga woti msana wandigwira, kuwerama kwakanika.

Ndinafika ndi levulo, chingwe ndi simenti pang'ono m'thumba. Simentiyo alamu anaibweza pageti pomwepo, ati yonyowa imawotcha khungu, ndipo zala zangazi ndi mboni. Iwo anali atakonza kale zawo: makatoni a nsapato ndi a mkaka m'malo mwa njerwa, phala la fulawa m'malo mwa matope, zipewa za makontena a majarini. Mmisiri wathunthu ine, kumangira phala!

Nditafunsa kuti timange chiyani, onse anakuwa kuti Ponte. Nyumba yosanja yaitaliyi amaiona akakwera minibasi yopita m'tauni. Apa ndiye ndinapeza poonetsera nzeru. Ndinawauza kuti Ponte ya ku Berea ija anaimaliza mu 1975, ili ndi nsanjika 54, kutalika kwake mamita 173, ndipo ndi yozungulira, pakati pake pali chibowo chochoka pansi mpaka kumwamba choti kuwala kuzilowa. Pakamwa patatsekemera, ndinawonjezera kuti nthawi ina nyumbayi itasowa oisamala, anthu ankangoponya zinyalala m'chibowomo mpaka mulu unafika nsanjika zingapo. Anawo anamvetsera kukamwa kuli yasaa.

Khoma lozungulira limafuna chinthu choima pakati choti omanga aziyezera. Chinthucho chinali ine.

Kunena zoona, ana aja anagwira ntchito kuposa madakaboyi ena amene ndawaonapo. Makatoni aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Katoni iliyonse ikhale pakati pa ziwiri zapansi, kuti mizere isalunjikane, khoma lingang'ambike. Mzere ukatha tinkawerenga limodzi, wina m'Chichewa, wina m'Chizulu, wina n'kulumpha folo ulendo uliwonse. Levulo ankalimbirana, aliyense afuna aone kathovu kaja kataima pakati. Kamtsikana kena kanadzipatsa kokha ukapitawo, kakuloza anzake ndi supuni ya phala.

Khoma linafika m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Anakoka timipando n'kukwerapo. Pamene alamu ankazunguliza tepi yomatira kuti Ponte isagwe, manja anga anali atatsekeredwa mkati, kunja kwatsala mutu wokha ndi kachipewa ka majarini.

Kenaka belu la chakudya linalira, amisiri onse balalabalala.

"Alamu, nditulukira pati?"

"Musagwedezeke, phala liume kaye. Makolo akuyenera kuiona, lero tiweruka msanga."

Ndinaima. Mphuno inayamba kuyabwa, chokandira palibe. Phala lina linatsika m'kolala n'kuyamba kuumira pamsana. Posakhalitsa anawo anabwerera, aliyense ndi nthochi yake. Kapitawo wa supuni uja anamaliza kudya, anayang'ana khoko, anayang'ana ine, n'kukwera pakampando.

"Ankolo anati zinyalala amataya m'kati!"

Phunziro lonse la njerwa lija mwina anaiwala, koma ili lokha analigwira bwino. Makoko a nthochi, timabotolo ta yogati, chitsononkho sindikudziwa chinachokera kuti, zonse m'Ponte. Wina anabweretsa thewera la mng'ono wake, mwamwayi alamu anamugwira ali m'njira. Alamuwo m'malo mondipulumutsa ankajambula pafoni, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Makolo anayamba kufika. Amayi awiri anawomba m'manja, bambo wina anandipatsa moni mwaulemu ngati zonse zili bwino. Kenaka pageti panaima bakkie yoyera imene ndimaidziwa ngakhale kulira kwa injini yake. Kamtsikana ka supuni kanathamanga. "Adadi, bwerani muone, tamanga Ponte!"

Akapitawo analowa pang'onopang'ono. Anazungulira nyumbayo osalankhula, anatola levulo yanga pansi, n'kuiika pakhoma pafupi ndi khutu langa. Anayang'anitsitsa kathovu kaja nthawi yaitali.

"Achimwene, msana uli bwanji?"

"Ndiye adokotala anati ndiziima mowongoka, bwana."

Anachotsa khoko la nthochi paphewa panga n'kuliponya mkati.

"Khomali lapendekeka. Mawa 6 koloko mundipeze kusayiti, ndipo mubwere ndi mwana wangayu, azikakuyang'anirani."