Zimene zimadya boti likangoima padoko

Ntchito yathu yambiri imachitikira kumene mwini boti saona. Iye akafika padoko amapeza boti lake lili waliwali, mipando yoyera mbee, magalasi opukutidwa bwino, nkumati zonse zili m'malo mwake. Ife timavala zomirira, nkulowa m'madzi, ndi kukapapasa kunsi kwa botilo ndi manja athu. Kumeneko ndi kumene madzi amchere amadyera chuma cha munthu usana ndi usiku, mwakachetechete.

Tinayamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi mabulashi angapo, chopalira cha pulasitiki ndi thanki imodzi ya mpweya imene tinkalandirana. Tinkatsuka boti lililonse limene mwini wake wativomera, koma m'kupita kwa nthawi amene anatikakamira ndi eni maboti aliwiro. Chifukwa chake sichovuta kumva. Boti la matanga likamera ndere, mwini wake amangochedwako pang'ono kufika kumene akupita. Boti laliwiro likamera ndere, mwini wake amadziwa tsiku lomwelo: injini ikulira ndi mphamvu zonse, mafuta akungotha, koma boti likukanika kudzuka kuti liyandame pamwamba pa madzi monga limachitira likadali losalala.

Madzi a m'nyanja yaikulu ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi, ndiponso ndi madzi amoyo. Boti likakhala masiku ochepa chabe, kunsi kumayamba kuterera ngati sopo wonyowa. Kenako m'mbali momwe mumafika dzuwa mumamera ndere zobiriwira. Pambuyo pake pamabwera tinkhono ta barnacle, timene timafika tili timphutsi tovuta kuona ndi maso, tikapeza malo nkudzimata ndi guluu wawowawo. Ukatipala, pamatsala kampheto koyera kolimba ngati simenti, ndipo ukati ulimbane nako ndi chitsulo umang'amba gelcoat, khungu losalala lija limene limakuta fiberglass, ulusi wa galasi wosakaniza ndi utomoni umene amapangira thupi la boti. Madzi akakhala ofunda zonsezi zimafulumira.

Eni maboti aliwiro ambiri safuna kumva za penti ya kunsi, yoletsa ndere ndi nkhono kumera. Mmodzi anandiuza maso ali psu kuti, "Achimwene, sindinagule boti ili kuti likhale lokhakhala kunsi." Ndimawamvetsa, chifukwa penti yopakidwa mosasamala imachepetsadi liwiro. Koma walira mvula walira matope. Munthu akafuna kuti boti lake lizigona m'madzi kuti azingofika nkuliza injini, ayenera kuvomera chimodzi mwa ziwiri: penti, kapena kumatiitana pafupipafupi kwambiri. Ndipo ngakhale titamatsuka sabata ndi sabata, pali mdani wina amene bulashi singamuletse. Gelcoat imaoneka ngati siilowa madzi, koma imalowa pang'onopang'ono. Madziwo akakumana ndi zotsalira za utomoni umene sunaume bwino m'kati mwa fiberglass, amasanduka madzi owawasa amene amakokanso madzi ena, mpaka kunsi kwa boti kumatuluka matuza. Ukaboola thuza limodzi mumatuluka timadzi tonunkha ngati viniga, ndipo tikakuthonyera m'maso mudzalira. Kukonza kwake nkutulutsa boti, kusenda malo odwalawo, ndi kudikira milungu kapena miyezi kuti liume. Nchifukwa chake ife sitipaka penti ya ndere pa gelcoat yosatetezedwa. Timayamba ndi kupaka utomoni wolimba wotchedwa epoxy kangapo kuti atseke njira ya madzi, kenako penti yolimba yopyapyala imene timaisalaza ikauma. Penti yofewa ija imene imadyeka yokha boti likamayenda imathera msanga pa boti lothamanga.

Akuluakulu ena amatifunsabe za penti yakale imene amati inkagwira zaka osamera kanthu. Imeneyo inali ndi mankhwala otchedwa TBT, ndipo inkagwiradi, koma inkaphanso ndi kupundula nkhono za m'nyanja m'madoko ambiri. Bungwe loona za zombo padziko lonse la International Maritime Organization linagwirizana zoiletsa mu 2001, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito mu 2008. Penti zambiri za lero zimadalira kopa. Kopayo ndi amene anandiphunzitsa phunziro lowawa kuposa onse.

Chinali chaka chathu chachiwiri. Bambo wina wachikulire anatipatsa boti lake lokhala ndi drive kumbuyo, mwendo uja wa aluminiyamu umene umatuluka kuchokera ku injini nkukanyamula pulopela. Ndinkafuna kuti akadzaona ntchitoyo asapeze poloza chala. Ndinapaka penti ya kopa kunsi konse, ndinaifikitsa mpaka pakhungu pa drive osasiya mpata, ndipo tizitsulo totuwa timene tinali titamangidwa pamenepo ndinatipakanso poganiza kuti tikuipitsa maonekedwe. Patatha miyezi ingapo bambowo anandiimbira. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, tabwera udzaone." Nditafika ndinapeza boti lili pamtunda, penti ya pa drive itatukusira, ndipo nditakanda ndi chikhadabo munatuluka ufa woyera ngati phulusa. Pansi pake panali timaenje tambirimbiri, tina tolowa nsonga ya sikuludilaiva. M'mimba munanditentha. Ndalama zimene tinasunga kuti tigule thanki yachiwiri zonse zinapita pokonza mwendo umenewo, ndipo ndinaona kuti zinayenera kutero.

Bambo yemweyo ndi amene anandikhazika pansi nkundifotokozera zimene zinachitika. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi amchere zimasanduka batire, ndipo chofookapo ndicho chimadyeka. Kopa akakhudzana ndi aluminiyamu, wotha ndi aluminiyamu. Pulopela ya stainless steel nayonso imakoka aluminiyamu chimodzimodzi. Tizitsulo totuwa tija ndi ma anode, ndipo ntchito yawo ndi kudyeka m'malo mwa drive. Ukawapaka penti wawatseka pakamwa. Nzeru imeneyi ndi yakale: katswiri wa sayansi Humphry Davy anaiyesa mu 1824 pa zombo zankhondo za Britain zimene zinkakutidwa ndi malata a kopa. Kopayo analekadi kudyeka, koma atasiya kusungunukira m'madzi, ndere ndi nkhono zinayamba kumera pazombozo. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa ndi yomweyo imene timalimbana nayo lero, kuteteza chitsulo mbali ino popanda kutsegulira nkhono mbali inayo.

Kuyambira pamenepo timasiya mpata wa masentimita 4 pakati pa penti ya kopa ndi drive, ndipo pa drive penipenipo timapaka penti yopanda kopa. Anode ikatha theka timaichotsa, osadikira kuti ithe yonse. M'madzi amchere timamanga ya zinki kapena ya aluminiyamu wosakaniza. Ya magnesium ndi ya madzi opanda mchere, m'nyanja yamchere imasungunuka mofulumira. Anode imene yakhala chaka chathunthu ikuoneka yatsopano siitisangalatsa ayi. Imatiuza kuti sikugwira ntchito, mwina siikukhudza bwino chitsulo chimene iyenera kuteteza.

Chimene chinasintha bizinesi yathu kwenikweni ndi mita. Tinagula kachipangizo ka siliva kamene timamiza m'madzi pambali pa boti, nkukalumikiza ku mita yoyezera magetsi. Drive ya aluminiyamu yotetezedwa bwino imaonetsa pakati pa -950 ndi -1100 millivolt. Nambala ikachoka pamenepo timadziwa kuti pali chikudya boti ngakhale maso asanaone kalikonse. Ndi mita imeneyi imene inatitsegula maso pa nkhani ya magetsi a padoko. Boti likalumikizidwa ku magetsi a pamtunda kuti batire lizitchajika, waya wa earth umalilumikizanso ndi maboti onse oyandikana nalo. Mnzanu woima pambali panu akakhala kuti ma anode ake anatha kalekale, anu ndi amene amayamba kumuteteza, nkumatha msanga inu osadziwa. Mankhwala ake ndi kabokosi kotchedwa galvanic isolator kamene kamaikidwa pa waya wa earth: kamatsekereza timagetsi tating'ono timeneti koma kamalola magetsi a ngozi kudutsa kuti munthu asagwidwe. Choopsa kuposa apa ndi waya wosupuka wa pampu yopopa madzi m'boti, ukagona m'madzi a pansi paja. Magetsi a batire akamathawira m'nyanja kudzera pa chitsulo, chimene chikanatenga zaka chimachitika m'masiku owerengeka.

Pali chizolowezi china chimene timalimbana nacho pafupifupi mwezi uliwonse. Anthu amakonda kukweza drive m'mwamba akamachoka, poganiza kuti akuichotsa m'madzi. Injini yopachika kumbuyo imatulukadi yonse ikakwezedwa, koma drive siituluka. Imangotsala theka m'madzi, ma anode ena ali pamphepo pomwe sathandiza kanthu, ndipo mphira wopindikapindika amene amatseka polowera shafiti amakhala atakokeka. Tinkhono tikamera m'mapindi a mphirayo timamucheka ngati lumo, ndipo mphira ameneyo akabooka madzi amalowa m'boti usiku mwini wake ali mtulo. Tikamira timalowetsa zala m'pindi lililonse.

Za zingwe sinditalikitsa. M'madoko ambiri madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndiye pa doko losayandama chingwe chimafuna mpata. Timamanga za nayiloni chifukwa zimatamuka, ndi zina zopingasa zoletsa boti kupita kutsogolo kapena kumbuyo. Zotchinga za mphira zolendewera m'mbali timazitsuka, chifukwa zikagwira mchenga ndi mchere wouma zimakhula boti ngati sandipepa mphepo ikamaomba.

Chinthu chimene tinakangana kwambiri ndi mng'ono wanga ndi chakuti tiziwauza makasitomala chilungamo chonse kapena ayi. Chilungamo chake nchakuti boti laliwiro limasungika bwino koposa likamagona kunja kwa madzi, pa chikepe chonyamulira boti chimene chimamangidwa pamalo ake omwewo padoko. Likakhala pamenepo silifuna penti, silimera ndere, silituluka matuza, ndipo silifunanso munthu womira. Iye ankati tikudzichotsera tokha ntchito. Ine ndinkakumbukira bambo uja amene ndinamuonongera drive koma anandiphunzitsa m'malo mondithamangitsa, ndipo mtima sunkandilola kubisa. Tinayamba kuwauza. Ena anaguladi zikepe nkusiya kutiitana kudzatsuka, koma anabweranso ndi ntchito ina: kusanja matabwa okhalira boti kuti agwire molimba pamene thupi la boti lili ndi mphamvu. Maboti ambiri aliwiro ali ndi masitepe kunsi olowetsa mpweya, ndipo thabwa likakhala pamalo olakwika limatsindika m'mphepete mwa sitepe mpaka gelcoat kuchita ming'alu. Omwewo ndi amene anatitumizira anzawo amene madoko awo salola zikepe.

Lero tilipo asanu, ndipo boti lililonse lili ndi tsamba lake m'buku: tsiku limene tinamira, zimene tinapeza, nambala ya pa mita, ndi chithunzi cha ma anode. Timatsuka ndi nsalu yofewa pamene ndere zikadali zanthete, chifukwa munthu akakhula mpaka m'madzi mutafuka mtambo wa penti, ndiye kuti waononga penti ya kasitomala nkuthiranso kopa m'doko. Mwini boti timamupempha chinthu chimodzi, kuti akabwera koyenda atsuke injini ndi madzi opanda mchere asanapite kwawo.

Sabata ino pali boti lina limene ma anode ake atha theka m'miyezi iwiri yokha, pomwe kale ankakhala nyengo yonse. Mwini wake akuti tingomanga ena atsopano. Ndamupempha kuti atilole tiyambe tazula pulagi ya magetsi a pamtunda, timize kachipangizo kathu, tione ngati nambala isinthe.