Zikomo nonse amene munandilimbitsa mtima kuti ndilankhulenso

Dzulo ndinalankhula za kadyedwe kabwino m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Chadiza, ndipo palibe amene ananyamuka nkhani isanathe. Chaka chatha sizinali chonchi.

Ulendo woyamba pa sikelo ndinaimirira ndi pepala m'manja, maso pansi, n'kumawerenga magulu a zakudya m'Chingerezi. Amayi anangobereka ana awo n'kumachoka mmodzimmodzi. Ndinalira njira yonse yobwerera ku Kapata, mumzinda wa Chipata. Mwana wanga woyamba anatupapo miyendo chifukwa chosowa zakudya m'thupi, ndiye nkhaniyi ndi ya pamtima panga, koma tsiku limenelo sinawafike anthu.

Zikomo amayi anamwino opuma pantchito a kutchalitchi kwathu. Munandilanda pepala lija n'kunena kuti, "Mwanawe, khala pamphasa pomwe akhala anzako, usawaimirire pamutu." Munandiphunzitsa kuyamba ndi funso lakuti, "Mwana wadya chiyani m'mawa uno?" kenako n'kudikira, osadziyankha ndekha, mpaka wina atsegule pakamwa. Kudikirako n'kovuta, mtima umagunda, koma m'pamene anthu amayamba kukuona ngati mnzawo. Munandiletsanso kuloza munthu chala ndi kunena kuti "mumalakwitsa". Mayi amene wachititsidwa manyazi pagulu sabweranso ku sikelo, ndipo wovutika ndi mwana.

Dzulo ndinanyamula lichero m'malo mwa pepala. Munali nsinjiro, chibwabwa, kapenta wosinja, dzira limodzi ndi mbatata yofiira mkati. Mbatatayo ndinaithyola pakati n'kuiyendetsa m'manja mwa anthu kuti aone okha mtundu wake, ndisanatchule za vitamini A ndi maso a mwana. Phala la mgaiwa tinaphikira pomwepo, nsinjiro anathira ndi mayi wina woyembekezera, ine ndikufotokoza za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mimba yaima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Titafika pa mchere ndinakweza kasupuni ka tiyi m'mwamba, n'kutsitsa mawu: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku lonse, pafupifupi kasupuni kamodzi aka. Abambo amene anakhala patali pansi pa mtengo wa mango anasendera ndi mipando yawo, ena n'kuyamba kufunsa za BP.

Zikomo amfumu, chifukwa munayamba ndinu kulawa phala lija anthu onse akuona. Mukadapanda kutero, abambo ambiri akadati ndi za amayi ndi ana. Zikomo bambo a kunyumba, amene madzulo ambiri mumakhala pakhonde kundimvetsera, n'kumandiuza kuti ndikuthamanga ndi mawu.

Ndi inu agogo amene munandigwira chitenje ndikukwera njinga, n'kupempha mbewu ya mbatata ija, sindinaiwale. Loweruka m'mawa ndikubwera nayo.