Momwe ndinatsutsira pulani yomanga nyumba m'minda ku England

Ku England, wofuna kuteteza minda ndi tchire ayenera kuyankhula pomwe khonsolo ikulemba Local Plan, chikalata chosonyeza komwe kudzamangidwe nyumba kwa zaka zosachepera 15. Ukadikira kuti kampani ipemphe chilolezo chomanga, umapeza madzi afika kale m'khosi, chifukwa malo akangolowa m'pulani, kukana pempholo kumavuta.

Khonsolo yathu itatulutsa pulani yake pa intaneti, ndinayamba ndi mapu. Minda ya kumapeto kwa tauni inali itachotsedwa mu Green Belt, malo osiyidwa dala opanda nyumba kuzungulira mizinda, amene nduna Duncan Sandys analimbikitsa makhonsolo kukhazikitsa mu 1955. Kale mapulani a zigawo ndiwo ankagawa chiwerengero cha nyumba, koma lamulo la Localism Act la 2011 linatsegula njira yowathetsa, kupatula ku London. Motero zonse zinagwera khonsolo, ndipo kumeneko ndiko ndinalunjika.

Mu ndondomeko yomwe khonsolo yathu inatsata, anthu amafunsidwa maganizo kawiri. Ulendo woyamba, wa Regulation 18, umanena chilichonse chakukhosi. Wachiwiri, wa Regulation 19, umatenga masabata osachepera 6, ndipo zomwe walemba zimapita kwa inspekitala wa Planning Inspectorate, bungwe la boma lounika mapulani otere. Apa fomu siifunsa ngati mindayo umaikonda. Imafuna udziwitse ngati pulaniyo yatsata malamulo, ngati ili ndi umboni wokwanira, ngati ingatheke, komanso ngati ikugwirizana ndi ndondomeko ya dziko lonse ya zomangamanga, NPPF, yomwe inayamba mu 2012.

Nthawi yanga yambiri inathera m'malipoti a umboni, amene ndi otopetsa kuwerenga koma ndimo muli nkhani yonse. NPPF imati malire a Green Belt asunthidwe pokhapokha pali zifukwa zapadera, khonsolo itayamba yaonetsa kuti yagwiritsa ntchito mokwanira malo omwe anamangidwapo kale. Ndinatsegula kaundula wa malo oterewa, amene khonsolo iliyonse imayenera kusunga, n'kupezamo malo a fakitale yakale omwe pulaniyo sinawawerengere. Kenako nthaka. Minda ku England imaikidwa m'magiredi 1 mpaka 5, giredi 3 n'kugawidwa pawiri kukhala 3a ndi 3b, ndipo 1, 2 ndi 3a ndiyo yachonde koposa. Lipoti la khonsolo linangoti giredi 3, osasiyanitsa 3a ndi 3b. Mfundo ziwirizi ndi zomwe ndinalemba, ndikutchula nambala ya ndime iliyonse ndi mawu omwe ndinkafuna asinthidwe.

Anansi ena anasonkhanitsa masiginecha ambirimbiri. Sindikuwanyoza, koma inspekitala amayeza kulemera kwa mfundo, sawerenga mitu ya anthu. Ndiponso nyumba zikusowadi, moti kungoti "tisamange" sikupita patali. Mu Disembala 2024 boma linabweretsanso mawu oti grey belt, kutanthauza malo a mu Green Belt omwe anamangidwapo kale kapena sathandiza kwenikweni zolinga zake, pofuna kumasula malo ena kuti pamangidwe nyumba.

Pa fomu pali kabokosi kofunsa ngati ukufuna kudzayankhula pa msonkhano wounika pulani. Ndinachonga, popeza ufulu umenewu ndi wa okhawo amene analemba pa Regulation 19 kupempha kusintha. Tsikulo tinakhala mozungulira tebulo limodzi ndi akhonsolo komanso maloya a makampani omanga. Inspekitala anali atawerenga kale zonse, choncho anangondifunsa za nthaka, n'kuuza khonsolo ibweretse kafukufuku wosiyanitsa 3a ndi 3b. Zosintha zazikulu zomwe adzapereke zidzabweranso kwa anthu, ndipo pa ulendo umenewo munthu amaloledwa kuyankha pa zosinthazo zokha.